Kodi mlandu ndi wa amene analera?

Banja likazindikira kuti mnyamata wawo amakopeka ndi amuna anzake, zala za achibale zimathamangira kuloza mayi. Ena amati anamusasatitsa, kumulola akule akusinja ndi kutunga madzi pamodzi ndi alongo ake. Ena amadzudzula bambo amene anapita ku Joni n'kusiya nyumba yopanda mwamuna. Onsewa amatsamira pa mwambi woti m'mera mpoyamba. Mwambiwu ndi woona pa ulemu, khama ndi chilankhulo, koma pa nkhani ya kumene mtima wa munthu umakopeka, umboni sukuuvomereza.

Ganizo loti gwero lake ndi mayi wolamulira ndi bambo wotalikirana ndi mwana linafalitsidwa ndi madokotala a maganizo otsatira Sigmund Freud, makamaka Irving Bieber mu 1962. Komatu Bieber anafufuza anthu okhawo amene ankalandira chithandizo kwa madokotalawo. Mu 1981 ofufuza a ku Kinsey Institute, ku America, atafunsa anthu pafupifupi 1,500, sanapeze umboni woti ubale wa mwana ndi makolo ake ndiwo umayambitsa zimenezi.

Mapasa amathandiza kumvetsa nkhaniyi chifukwa amaleredwa pakhomo limodzi. Kafukufuku wa mapasa oposa 7,000 a ku Sweden, amene Niklas Långström ndi anzake anafalitsa mu 2010, anaonetsa kuti kwa amuna, zimene mapasa amagawana pakhomo sizinali ndi gawo lililonse, ndipo kwa akazi gawolo linali laling'ono. Gawo lina linali la zotengera kumtundu, pamene lalikulu linali la zochitikira munthu payekha. Apa m'pamene kumasulira kumasokeretsa ambiri. Liwu la Chingerezi loti environment limamasuliridwa kuti malo amene munthu wakulira, chonsecho kwa ofufuza limaphatikizanso zimene zimachitikira mwana akadali m'mimba. Ray Blanchard ndi Anthony Bogaert anapeza mu 1996 kuti mwamuna amene ali ndi akulu ake aamuna ambiri amakhala ndi mpata wokulirapo wokopeka ndi amuna. Mu 2006 Bogaert anaonetsa kuti izi zimachitika ndi abale a mimba imodzi, ngakhale atakulira kosiyana, osati abale ongoleredwa pamodzi.

Wotsutsa angatchule migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene Wenela inkatengerako amuna ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. M'makomponi, momwe akazi sankaloledwa, amuna akuluakulu ankatenga anyamata ngati akazi awo, monga T. Dunbar Moodie analembera. Pamenepa malo anasinthadi zochita za anthu. Koma ambiri mwa anyamatawo ankasunga ndalama zimene ankalandira kuti akakwatire mkazi kwawo, ndipo akabwerera ankamanga mabanja. Chitsanzochi chikulekanitsa zinthu ziwiri zimene Chichewa chimaziika m'thumba limodzi. Liwu loti mathanyula limanena za mchitidwe, ndipo palibe liwu limodzi lodziwika lonena za kukopeka kumene munthu amakumva mumtima ngakhale sanagonepo ndi aliyense. Chifukwa cha kusowa kwa liwuli, mkangano wa chibadwa ndi kaleredwe umasanduka wa anthu awiri olankhula zosiyana.

Kaleredwe kali ndi mphamvu yake. Ndiko kamachititsa mwana kuulula kapena kubisa, kudzilemekeza kapena kudzida, kukhala pakhomo kapena kuthawira m'tauni. Bungwe la Academy of Science of South Africa linanena mu 2015 kuti palibe umboni woti kukopekaku kumapatsirana, kapena kuti kungasinthidwe ndi chithandizo. Choncho kukwapula mwana, kumuzunguliritsa kwa aneneri kapena kumukakamiza ukwati kumangowonjezera ovulala, kuphatikizapo mtsikana wa eni amene wakwatiwa ndi munthu wosamufuna.

Banja lililonse lili ndi ufulu wokhala ndi chikhulupiriro chake pa nkhaniyi. Koma ufuluwo sukulola kuimba mayi mlandu wopanda umboni. Amalume akaitana bwalo la pabanja, nkhani yoyenera kukambirana ndi ya mmene mwanayo asamalidwire kuyambira tsikulo, poti pokhapo m'pamene makolo ali ndi chochita.