CITUPA NDI CIPATALA: MAU KWA ABALE A KU HONDE NDI KU CHIPINGE

Abale athu a m'makomboni a tiyi ku Honde ndi ku Chipinge, ndi inu a m'migodi amene muwerenga tsamba lino, pali nkhani ziwiri zimene anthu aziyesa zosiyana, koma ife tiona kuti ziri pa muzu umodzi. Yoyamba ndiyo ya matenda amene asautsa cigawo ca Manicaland zaka zino; yaciwiri ndiyo ya citupa ndi kalata ya kubadwa. Tizipende bwino zonse ziwiri, pakuti safunsa anadya phula.

Kumene kunacokera mlandu

Tiyi anayamba kulimidwa ku Chipinge m'caka ca 1924 pa munda wa New Year's Gift, umene unabala kampani ya Tanganda. Ku Honde anafika m'zaka za m'ma 1950 pa Aberfoyle, napitirira pambuyo pace ku Katiyo. Minda yotere ifuna manja ambiri, ndipo manjawo anacokera kutsidya la malire ku Mozambique, ena ku Nyasaland. Makolo athu analowa m'dziko lino ena pa miyendo, ena pa magalimoto a Ulere, ena mwa Mthandizi. Ambiri sanabwererenso kwao, ndipo abale ao anawacha machona. Masiku amenewo citupa cinali cingwe comangira munthu kwa bwana wace. Lero zatembenuka: wopanda citupa ndiye womangidwa.

M'caka ca 2001 Boma la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, niliti yense amene kholo lace linacokera kunja akane poyera unzika wa dziko linalo, ngakhale sanapondeko phazi. Othyola tiyi ambiri sanamve za lamulolo, ena analibe ndarama ya ulendo wa ku Harare, ndipo anatsala ndi zitupa zolembedwa A, ndiko kuti mlendo. Malamulo akuru a dziko a m'caka ca 2013 anakonza colakwaco. Ndime 43 inena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanalengezedwe, amene kholo lace limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, monga Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo iye anali kukhala muno pa nthawiyo, ali nzika mwa kubadwa.

Lamulo ndi labwino, koma pepala silidza lokha ku komboni. M'caka ca 2021 bungwe la Amnesty International, potsata ciwerengero ca UNHCR, linati anthu ngati 300,000 m'dziko lino ali pa ngozi ya kukhala opanda dziko liri lonse. Kuyambira April kufikira September 2022 akalembera a Boma anayenda m'midzi kupereka makalata, ndipo ambiri anathandizidwa. Koma amene agogo ace anafa opanda pepala, kapena amene makalata ace anapita ndi madzi a namondwe Idai ku Chimanimani ndi ku Chipinge mu March 2019, anafunsidwa mboni zimene sanathe kuzipeza. Kholo lopanda kalata libvutika kulembetsa mwana wace, ndipo usiwa wa pepala uyenda m'banja monga cuma ca masiye.

Matenda atatu

Cigwa ca Honde ndi cotsika, cotentha ndi ca mvula yambiri. Zimenezi zikondweretsa tiyi ndi nthochi, zikondweretsanso udzudzu. Akatswiri atapeza kuti udzudzu wa mtundu wa funestus suli kufanso ndi mankhwala akale, m'caka ca 2014 anayamba kupopera m'nyumba za ku Mutasa, Nyanga, Mutare ndi Chimanimani mankhwala ena, ndipo malungo anacepa ndithu. Nchitoyo inali kutsamira pa cithandizo ca ku America. Pamene Boma la kumeneko linadula cithandizo cace ca kunja kuciyambi kwa 2025, mvula nayo niculuka, odwala malungo m'Zimbabwe m'miyezi inai yoyamba ya cakaco anaposa kawiri a caka capitaco. Phunziro lace ndi ili, kuti thanzi lodalira thumba la mlendo liri ngati mame, dzuwa likatuluka auma.

Cikuku ca m'caka ca 2022 cinayambira m'boma lomwe lino la Mutasa m'mwezi wa April, nicifalikira dziko lonse, ndipo pofika September ana oposa 700 anali atafa. Ambiri a iwo anali asanalandire katemera, ena cifukwa ca ciphunzitso ca mipingo yoletsa mankhwala, ena cifukwa ca kutalika kwa njira. Sitinyoza cipembedzo ca munthu, koma tinena mosabisa kuti katemera wa cikuku ndi waulere, ndi kuti mwana amene wamlandira kawiri kawirikawiri sagwidwa nayo nthendayi.

Kolera wa 2023 ndi 2024 nayenso anagwira kolimba Manicaland, ndipo m'dziko lonse anapha anthu oposa 700. Nthendayi iyenda m'madzi akumwa ndi m'zakudya zodetsedwa. Pamene mabanja ambiri atunga pa mpopi umodzi ndi kugawana cimbudzi cimodzi, monga ziri m'makomboni ena, wodwala mmodzi akwanira kudwalitsa mzere wonse wa nyumba.

Pamene zikomana nkhani ziwirizi

Mai wobereka ku cipatala ca Hauna, kapena ku cipatala caching'ono ca pa munda, acoka ndi mapepala awiri: khadi la sikelo limene aonetsapo katemera, ndi pepala locitira umboni kuti mwana anabadwira pomwepo. Ndi pepala laciwirilo ofesi ya kaundula ilemba kalata ya kubadwa mosabvuta. Mai wobereka ku nyumba alibe onse awiri. Mwana wace aphonya katemera woyamba, ndipo tsiku lomlembetsa afunika mboni. Munthu amene anakula akunenedwa mlendo aopa khomo liri lonse la Boma, ndipo mantha omwewo amcedwetsa kunka ku cipatala mwana akatentha thupi. Cotero khomo la cipatala ndilo khomo loyamba la unzika.

Onani zimene wopanda citupa ataya. Mwana wace abvutika polembetsa mayeso a Grade 7. Iye mwini sangathe kulembetsa nambala ya lamya m'dzina lace, ndipo atakalamba, ndarama zimene anali kudulidwa za penshoni ya NSSA zimbvuta kutenga. Pa masankho a August 2023 munthu wotere sanaponye voti. Mu October 2025 cipani colamula ca ZANU-PF, posonkhana ku Mutare, cinagwirizana zofuna kuti Pulezidenti Emmerson Mnangagwa akhalebe pa mpando kufikira 2030, ndipo nkhaniyo inautsa mtsutso m'dziko lonse. Wina abvomereze, wina akane, koma wopanda citupa alibe mau ku mbali iri yonse. Ndiponso khansala wa ku Mutasa kapena ku Chipinge, pogawa ndarama za mijigo ndi za zipatala, ayamba wawerenga kumene kuli mavoti.

Zoyenera kucita

Amai apakati apite ku sikelo msanga, ndi kukaberekera ku cipatala. Lamulo lifuna kuti mwana alembetsedwe asanathe masiku 42. Musadikire kufikira afune sukulu. Amene muli ndi citupa ca A, ndipo munabadwira muno, pitani ku ofesi ya kaundula ya m'boma lanu ndi kalata yanu ya kubadwa, muchule ndime 43, mupemphe citupa ca nzika. Pepala liri lonse lakale la makolo, kaya citupa ca nchito, kaya kalata ya ubatizo, lisungeni m'thumba losalowa madzi, pakuti tsiku lina lidzakhala mboni yanu.

Lolani opopera mankhwala alowe m'nyumba, gonani m'masikito caka conse, ndipo wotentha thupi ayesedwe magazi tsiku lomwelo. Wotsegula m'mimba ngati madzi a mpunga apatsidwe madzi a mcere ndi shuga ali pa njira ya ku cipatala.

Kwa akomiti a anchito ndi a bungwe la GAPWUZ titi, pokambirana za malipiro ndi eni minda muikepo mau awiri: madzi abwino ndi zimbudzi zokwanira m'komboni, ndi tsiku la kupita ku kaundula losadulidwa malipiro. Wothyola tiyi amalipidwa monga mwa kulemera kwa dengu lace, ndipo tsiku limodzi la pa mzere wa ofesi ndi ufa wocoka m'kamwa mwa ana. Ici ndico cifukwa ambiri azengereza. Boma nalo libweze akalembera oyendayenda, afike m'makomboni momwe, ndipo liike ndarama zace pa nkhondo ya malungo. Inu akuru amene mudziwa mbiri ya mabanja a m'komboni mwanu, musakane kukhala mboni za ana amasiye, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.