Tiyi wa usiku akutibera tulo

Anzanga, imani kaye pang'ono belu lisanalire. Nkhani yanga ndi ya zimene timaika m'mimba tikatsala pang'ono kugona, makamaka ife a Fomu 2 amene JCE yatiima pakhosi.

Ndiyambe ndi malume anga. Iwowa ndi mlonda pa esiteti ina kuno kwathu. Miyezi yambiri ntchito yawo n'kulondera akuba basi, koma ikafika Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma, amasanduka ozimitsa moto. Pajatu mafakitale a tiyi amaumitsa masamba ndi nkhuni za bulugama, ndiye maesiteti amakhala ndi nkhalango zawozawo. Wosaka mbewa mmodzi akangosiya moto, malume ndi anzawo amathamanga ndi nthambi zaziwisi kukauthyapa. Kudikira galimoto yozimitsa moto yochokera ku Blantyre ndiye kuti nkhalango yatha.

Chaka chatha moto unabuka cha m'ma 2 koloko usiku. Malume anali atadya mitanda inayi ya nsima cha m'ma 11, n'kutsamira mtengo kuti apumeko. Anachita kugwedezedwa ndi mnzawo. Akuti podzuka miyendo inali yolemera ngati amanga miyala, pakhosi chilungulira chikuwotcha. Moto anauzimitsa, inde, koma akapitawo anawachenjeza kuti akadzapezekanso akusinza ntchito yatha. Ntchito imeneyo ndi imene imalipira fizi ya ana atatu.

Atafotokoza kunyumba, tinaona kuti vuto silinali la usiku umodziwo. Pofuna kuthamangitsa tulo, malume ankamwa tiyi wakuda bii, wa shuga wambiri, mpaka 4 koloko m'mbandakucha. Akafika kunyumba m'mawa, tulo osabwera. Angogona maola atatu, madzulo abwererenso ku ntchito ali wefuwefu, ndiye amwenso tiyi wambiri. Tsiku ndi tsiku zomwezo.

Vutoli si la kuno kokha. Ku America ozimitsa moto ambiri amagwira maola 24 osapita kunyumba, ndipo kafukufuku wina amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti mwa ozimitsa moto pafupifupi 7,000, opitirira gawo limodzi mwa magawo atatu anali ndi zizindikiro za vuto la tulo. Amenewotu ndi anthu okhala ndi mabedi ndi magalimoto. Nanga mlonda wa pansi pa bulugama?

Chimachitika n'chiyani m'thupi? Mu tiyi muli caffeine. Ameneyu sapatsa mphamvu ayi, amangotseka ubongo kuti usamve kuti watopa. Ndipo satuluka msanga: pakatha maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likadali m'magazi. Ukamwa kapu ya tiyi 9 koloko usiku, 2 koloko ikamakwana theka la caffeine uja likadagwirabe ntchito. Ukhoza kugona ndithu, koma tulo take timakhala tapamwambamwamba. Shuga naye amakukweza kanthawi kochepa kenako n'kukugwetsa. Chakudya chambiri kapena chamafuta, monga mandasi ndi tchipisi, chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo ukagona chitangolowa asidi wa m'mimba amakwera kukhosi. Chilungulira chija n'chimenecho.

Tsopano tadziyang'aneni. Ndi angati mwa ife amene amafulula tiyi wamphamvu usiku kuti awerenge mpaka 12 koloko? Ine ndinali mmodzi. Ndinkadzimva kuti ndine dolo. Koma m'mawa ndiyende mtunda wonse uja, ndifike m'kalasi, piriyodi yachiwiri isanathe mutu uli pa desiki. Zimene ndinawerenga usiku, theka zauluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madokotala amati wa msinkhu wathu amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo ndi m'tulo momwemo mmene ubongo umasunga zimene waphunzira masana. Ndiye ukadula tulo kuti uwerenge, ukutunga madzi ndi dengu.

Ndikudziwa wina akuti: “Aise, kwathu nsima imapsa kamodzi, madzulo, amayi akabwera kothyola tiyi. Ukufuna tigone ndi njala?” Ayi, sindikutero. Njala nayo imaba tulo, tonse tikudziwa mmene mimba imalirira mu Januwale. Komanso sindikunyoza tiyi. Ndi tiyi yemweyu amene amadyetsa mabanja ambiri kuno ku Thyolo. Nkhani ili pa nthawi ndi kuchuluka kwake.

Malume anasintha zinthu zitatu zokha, zosafuna ndalama. Nsima amadya kunyumba dzuwa lisanalowe. Ku ntchito amatenga mbatata yophika kapena chinangwa pang'ono, ndi mtedza wodzaza dzanja, n'kumadya pang'onopang'ono. Tiyi amamwa poyamba ntchito, koma pakati pa usiku pakadutsa ndi madzi okha. Akuti masiku ano akafika kunyumba m'mawa amagona ngati mwana, ndipo usiku maso amakhala gwa.

Ifenso tingatengerepo. Tiyi tizimwa m'mawa, akatithandize m'kalasi, osati usiku. Ngati n'kotheka, pakati pa nsima ndi mphasa pazidutsa maola awiri kapena atatu: idyani, werengani, kenako mugone. Nsima ikachedwa kupsa, musadye ngati mawa kulibe, siyaniko mkute wa m'mawa, udzakuperekezani pa njira. Njala ikakupezani mukuwerenga, nthochi imodzi kapena kambatata n'kokwanira. Ndipo m'malo mokankha mpaka 12 koloko, gonani msanga, mudzuke tambala woyamba akulira muwerenge mutu uli wopepuka.

Musandikhulupirire chabe. Yesani sabata imodzi yokha, kuyambira Lolemba, popanda tiyi dzuwa likalowa. Lachisanu tidzakumane pano pa bolodi mudzandiuze ngati munasinzanso pa Maths. Ndipo amene muli ndi bambo, malume kapena achimwene ogwira ntchito usiku, kaya kulondera kaya ku fakitale, kawauzeniko mwaulemu. Okutobala akubwera, udzu wayamba kale kuuma.

Wophunzira wa Fomu 2