Mtendere Sugulidwa ndi Nkhuku

Abale athu a m'midzi, pali kanthu kotilemera mumtima, ndipo sitikhoza kukhalanso cete. Tiona Akristu ambiri amene pa Sabata aimba ndi mau akuru m'nyumba ya Mulungu. Koma mwana akatentha thupi, kapena kadzidzi akalira pa denga, alawira mbandakuca, nkhuku m'khwapa, kukaombeza ula. Tikawafunsa, ati, Tifuna kuti mtima ukhale pansi. Tsono ife tifunsa, Kodi mtimawo unakhaladi pansi?

Iai ndithu. Waula sabweza munthu ndi mau akuti palibe wakukucita. Akatero adzadya ciani? Ayenera kupeza mdani, ndipo mdaniyo sakhala wakutali: ndi atsibweni, ndi apongozi, ndi nkhalamba ya kuseri kwa nkhokwe. Munthu anamuka ndi nkhawa imodzi, ya mwana wodwala; abwera nazo zambiri. Tsopano aopa nsima ya kwa mbale wace, aopa ngakhale kugona. Amanga cithumwa m'cuuno, natsirika nyumba, ndipo m'mawa mwace ayamba kubvutika kuti kapena mnzace ali nao mankhwala oposa ace. Kodi umenewu ndiwo mpumulo?

Dziko lino linaiyesa kale njira imeneyi. M'caka ca 1933 mcape wocokera ku Mulanje unafalikira m'midzi, nufika mpaka ku dziko la Abemba. Anthu anaima m'mizere, napenyedwa m'kalirole, nataya nyanga zao, namwa mankhwalawo, atalonjezedwa kuti ufiti watha. Sizinapite zaka zambiri, mantha anabwerera m'nyumba zomwezo. M'caka ca 1995 makamu a anthu anathamangiranso ku Machinga kukamwa mcape wina, woti ucize nthenda ya Edzi; koma maliro sanaleke. Akuru anati, mapanga awiri abvumbwitsa. Wopemphera madzulo ndi kuombeza m'mawa alibe pousa.

Nanga kupemphera nciani? Ndiko kutula. Mai wocokera kunkhuni atula mtolo pakhomo. Sakwera nao pamphasa kuti agone uli pamutu. Koma ife tigwada, tinena Amen, ndipo tisenzanso mtolo womwewo. Hana, wosaona mwana zaka zambiri, anakhuthula cisoni cace conse ku Silo, napita, nadya, asanaone yankho liri lonse. Petro, usiku woti m'mawa mwace Herode amturutse kukaweruzidwa, anagona tulo pakati pa asilikari awiri, womangidwa ndi maunyolo awiri, kotero kuti mngelo anacita kummenya m'nthiti kuti auke. Paulo, pamene analangiza Akristu a ku Filipi kuti aleke nkhawa, napemphe ndi ciyamiko, anali m'ndende iye mwini. Mwa atatuwa palibe anali ndi cithumwa.

Wina adzati, Ife tinapemphera, koma mwana anamwalira. Tidziwa, mbale, nafenso tiri nao manda ang'onoang'ono kunkhalango. Sitikunyengani kuti pemphero licotsa cowawa ciri conse. Ambuye Yesu anapempha katatu m'Getsemane, ndipo cikho sicinampitirira. Koma anauka pamenepo ndi mtima wokhazikika, nakomana nao omgwira. Taonani kusiyana kwace: woika mwana wace m'cikhulupiriro alira, koma abale ace akhala naye pa siwa, woika mwana ndi mau a ula wataya mwana, wataya abale, nataya tulo.

Ndiponso kukhulupirira sindiko ulesi. Mwana akatentha thupi, mbereke msanga kunka naye ku cipatala, pakuti malungo adza ndi udzudzu, si ndi atsibweni ai. Limani, sungani cimanga, bwezani ngongole. Za m'manja mwanu citani. Zoposa manja anu tulani.

Cifukwa cace tikudandaulirani, musacedwe. Cimene ciri m'cuuno mwanu ndi cimene munakwirira pakhomo, pitani naco kwa akuru a mpingo. Madzulo ano, moto usanazime, sonkhanitsani a m'nyumba mwanu, ndi kuchula nkhawa iri yonse ndi dzina lace pamaso pa Atate: nkhokwe yopungula, mlandu wa kwa mfumu, mnyamata ali ku Joni wosatumiza mau. Yamikaninso pa zimene anakucitirani kale. Mukatero yalani mphasa, mugone. Mlonda wa usiku alipo kale, ndipo safuna womthandiza.