Kagetsi Kophethira pa Njinga Yamoto

Pali khalidwe lina limene layamba kumera pakati pa okwera njinga zamoto, ndipo ngakhale ena adzati ndikukuza nkhani yaing'ono, ine landisowetsa mtendere sabata yonse ino. Munthu akaona kagetsi kolembedwa FI kakuyaka pamaso pake, kenaka n'kuzima, mawa n'kuyakanso pamene njinga yagunda dzenje kapena yaoloka chithaphwi, m'malo mofunsa chimene kagetsiko kakunena, amadula kachidutswa ka tepi yakuda n'kukamata pamwamba pake, napitiriza ulendo ndi mtima woyera. Kodi alipo kholo limene, poona mwana akutentha thupi usiku koma n'kumasewera usana, linganene kuti nthenda yatha chifukwa dzuwa latuluka?

Tonse tikudziwa kuti njinga zambiri za kabaza zikali za kabureta, imene mmisiri amaimasula, kuitsuka ndi petulo, ndi kuibwezera pansi pa mtengo wa mango. Koma dziko silinaime pamenepo. Kampani ya Kawasaki inatulutsa njinga yopopera mafuta mwa magetsi m'chaka cha 1980, ya Honda inatsatira mu 1982, ndipo kuyambira mu Epulo 2020, pamene dziko la India linakhwimitsa malamulo a utsi, ngakhale tinjinga tating'ono togulitsidwa kumeneko tambiri tinasiya kabureta. Mu njinga zoterezi muli kakompyuta kamene kamamvera masensa angapo, ina yoyeza kutentha kwa injini, ina yoyeza mpweya wolowa, inanso yoona mmene dzanja lapotolera moto, ndipo pa umboni wa zonsezo kamagamula kuchuluka kwa petulo woyenera kupopedwa. Mboni imodzi ikangokhala chete, ngakhale kwa kamphindi, kagetsi kaja kamayaka.

Chimene ambiri sachisamala n'chakuti kuzima kwa kagetsi sikufafaniza kanthu, pakuti, monga adanenera makolo, mlandu suola. Kakompyutako kamasunga cholakwacho mumtima mwake kufikira tsiku limene wina adzakafunsa. Ndipo kakafunsidwa kamayankha mwaulemu ndithu. Pa njinga zambiri za Honda, mmisiri akalumikiza mawaya awiri oyenera pa kasoketi kofiira kamene kamabisika pansi pa chishalo, kagetsi kamayamba kuphethira mowerengeka: kuphethira kotalika ndiko khumi, kwakufupi ndiko chimodzi. Kakaphethira kasanu ndi kawiri, nambala 7 imeneyo ikuloza sensa ya kutentha kwa injini. Nambala 8 ndi ya sensa yoona mmene dzanja lapotolera moto. 12 ndi ya chopopera mafuta. Ndipo 54 ndi ya sensa imene imazimitsa injini njinga ikagwa. Za Suzuki zili ndi kalankhulidwe kake, ka nambala zoyamba ndi chilembo C. Chofunika ndi maso, buku la njingayo, ndi kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndipo pagona dandaulo langa lakale. Amisiri ena a masiku ano, osati onse ayi, asanduka ogulitsa zipangizo. Njinga isanazizire n'komwe, iwo agamula kale kuti pampu ya mafuta yafa, ndipo mwini njinga, amene ndalama zake ndi za thukuta, amakagula pampu yatsopano. Likapita sabata kagetsi kayakanso, ndiye akuti vuto ndi sensa. Kakayakanso kachitatu, akuti kompyuta yonse yapsa. Chikhalirecho chitsulo chakufa sichiuka ndi kufanso tsiku ndi tsiku. Vuto lobwera ndi kupita kawirikawiri limakhala la waya wokhwefuka, la soketi imene yalowa madzi ndi kuchita dzimbiri lobiriwira, kapena la waya wopekeseka pakhosi pa njinga, pamene chiwongolero chimautembenuza uku ndi uku kufikira mkuwa wam'kati utaduka khungu lakunja likali lamphumphu.

Mmisiri woona, wa mtundu umene tinkaulemekeza, amayambira pa batire, popeza kakompyuta kosowa magetsi okwanira kamaneneza masensa osalakwa. Amaika mita yake injini ili chete, nayembekeza kuona mavolti ngati 12.6; akailiza ndi kuikweza moto pang'ono, amayembekeza pafupifupi 14, ndipo zikachepera kapena kupitirira 15 amadziwa kuti mlandu uli pa kachipangizo kotchajira batire. Amamanga mitu ya batire, amapala dzimbiri pamene waya wakuda wamangidwa ku chitsulo cha njinga, amatchera khutu kumva ngati pampu ikulira kwa masekondi awiri kapena atatu kiyi akangotembenuzidwa. Pambuyo pake, injini ikulira, amagwedeza mtolo wa mawaya ndi chala, malo ndi malo, diso lili pa kagetsi, kufikira pamene kadzayake m'dzanja lake.

Ntchito imeneyi imadya ola lathunthu, nthawi zina awiri, ndipo pamapeto pake sipakhala chipangizo chatsopano choonetsa mwini njinga. Tsono nafenso eni njinga tili ndi mbali yathu, chifukwa timakondwa kulipira katoni ya chipangizo, koma timanyinyirika kulipira munthu amene wangotsuka soketi ndi kuipaka girizi. Ndipo ambiri a ife, Loweruka lotsatira, timapitanso nayo kotsukitsa, kumene mnyamata amalunjikitsa paipi ya madzi amphamvu pansi pa thanki, pa soketi yomweyo.