Mvoti wa ku Moatize ndi Zóbuè, ndege ya ku Lisboa walipira ndiwe

Abale ndi alongo, pa nthawi ya kampeni mudzamva wina akunena kuti dziko lopanda ndege yaikulu yopita ku Ulaya ndi dziko lopanda ulemu. Musafulumire kuomba m'manja. Yambani mwafunsa kuti ulemuwo alipire ndani.

Ndege yomwe akunenayo ndi ya mipando pafupifupi 300, ya tinjira tiwiri m'kati, yotha kuuluka maola khumi osatera. Imamwa mafuta ambiri, ndipo mafutawo, zida zake ndi lendi yake amalipira m'madola, osati m'metikali. Kaya yadzaza, kaya yanyamuka mipando ili gwa, ngongole ndi yomweyo.

Izi tidaziona kale. Mu Disembala 2023 kampani yathu ya ndege, LAM, idayambanso ulendo wa Maputo–Lisboa ndi Boeing 777 yobwereka ku kampani ya ku Portugal, pa njira yomwe TAP inkayendamo kale. Mu Febuluwale 2025 ulendowo udaimitsidwa, eni ake akuvomera kuti adaluza madola opitirira 21 miliyoni. Miyezi khumi ndi inayi yokha!

Mwina mukuti, "Ine ndimakwera chapa, za ndege zindikhudza bwanji?" Tamverani. Mwezi womwewo boma lidalengeza kuti gawo lake la 91 pa 100 mu LAM ligulidwe ndi makampani atatu a boma: CFM ya njanji ndi madoko, EMOSE ya inshuwalansi, ndi HCB. HCB ndiye Cahora Bassa, ku Songo, m'chigawo chathu chino cha Tete. Ndalama za magetsi a mtsinje wa Zambezi ndi zomwe zidaitanidwa kukatseka dzenjelo, pamene kuseri kwa Zóbuè kuli midzi imene ana amawerengera nyali ya palafini kapena tochi ya pafoni. Ndiye musanene kuti simudakwerepo ndege. Tikiti mudagula, kungoti mpando adakhalapo ena.

Ife sitikunena kuti dziko likhale lopanda ndege. Kuchokera ku Tete kufika ku Maputo pa msewu ndi makilomita oposa 1,500. Wodwala wotumizidwa ku chipatala chachikulu, mphunzitsi, wamalonda, onsewa amafuna ndege yaing'ono yofika pa Chingodzi pa nthawi yake, pa mtengo woti munthu angaufikire. Yambani kukonza zimenezo. Wofuna ku Lisboa ali nazo kale njira zina, koma wa ku Tete, Lichinga kapena Quelimane adalira yani?

Ndiponso kugula ndege ndi pamene akuba amadyera bwino, chifukwa mtengo wake wamba sitiudziwa. Pogula ndege ziwiri za Embraer mu 2008 padadutsa chiphuphu cha madola 800,000, ndipo mu 2021 khothi la ku Maputo lidagamula nduna yakale ya zamtengatenga, a Paulo Zucula, zaka 10 m'ndende. Ngati padabedwa zotere pa ndege zazing'ono, nanga pa yaikulu?

Bajeti ya boma amavomereza ndi aphungu 250 a Assembleia da República, ndipo ena mwa iwo mumawatumiza ndinu a ku Tete. Akabwera pamsika wa Zóbuè kapena pabwalo ku Moatize ndi nsalu ndi zisoti, afunseni mwaulemu koma mosaopa: kodi mgwirizano wogula kapena kubwereka ndege udzawerengedwa poyera? Kodi HCB yaika ndalama zingati mu LAM, ndipo zidzabwezedwa liti? Ndi chipani chilichonse funso likhale lomwelo, cholamula ngakhale chotsutsa. Akayankha ndi nyimbo m'malo mwa manambala, lembani dzina lake ndi tsikulo, musunge pepalalo pamodzi ndi khadi lanu lovotera.