Msana Usanapindike

Abale athu a ku Chigwirizano ndi midzi yozungulira, mwezi uno tifuna kuceza nanu za nthenda ya msana imene ilowa m'nyumba mwakacetecete.

Ambiri ayesa kuti cifuwa cacikuru cigwira mapapo okha. Iai ndithu. Tizirombo tace tikhoza kulowanso m'mapfupa a msana, ndi kuwadya pang'ono pang'ono monga ciswe cidya mzati wa nyumba. Dotolo wa ku London, Percivall Pott, anailongosola nthenda iyi m'caka ca 1779.

Zizindikiro zace ndi izi: msana uwawa miyezi osaleka, munthu aonda, atuluka thukuta usiku, pambuyo pace linunda limera, ndi miyendo ilefuka. Pamenepo ena athamangira kutema mphini, ena aloza mbale wao cala, nati ndiye mfiti. Masiku alikupita, nthenda ilikukula.

Koma lero madotolo apenya m'kati mwa thupi osaling'amba. X-ray, imene anaitulukira Wilhelm Röntgen m'caka ca 1895, ionetsa mapfupa odyeka. Makina ena, dzina lao MRI, aonetsa zimene X-ray siziona bwino: mafinya obisika, ndi mtsempha waukuru wa m'msana umene utumiza mphamvu ku miyendo. MRI yoyamba m'dziko lathu inafika ku Blantyre m'caka ca 2008.

Nthenda ikapezeka msanga, ambiri acira ndi mankhwala okha, akumwa tsiku ndi tsiku miyezi 9 kapena 12 osadumphitsa. Koma mafinya akapanikiza mtsempha uja, kapena msana ukafuna kugwa, pafunika opaleshoni. Dotolo acotsa mafinya ndi pfupa lakufa, nacirikiza msana ndi zitsulo. Kuno ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, anatsegula cipatala ca mapfupa, msana ndi ubongo, dzina lace LION, m'caka ca 2023.

Tamverani tsono mau athu: mankhwala apha tizirombo, koma saongola linunda lomera kale; ndipo mtsempha wopanikizika nthawi yaitali sutsitsimuka masiku onse. Akuru anati, kuongola mtengo mpoyamba.

Cifukwa cace, inu atate ndi amai, mwana akayenda moumitsa msana, akalephera kuwerama kuti atole kanthu pansi, musacedwe. Cipatala ca Likuni ciri pafupi. Mukayambire pomwepo, ndipo akakutumizani patsogolo, pitani. Wodwala akayamba mankhwala, mumkumbutse m'mawa muli monse kufikira adotolo atanena kuti kwatha.

Tsalani ndi mtendere.