Wi-Fi Ikakana Kugwira pa Linux

Ambiri amene amaika Linux pa laputopu yakale amagwa mphwayi tsiku loyamba lomwelo: zonse zikuyenda bwinobwino, koma Wi-Fi kuli zii. Musathamangire kunena kuti kakhadi ka m'katimo kafa. Kawirikawiri kamakhala kakusowa firmware, kapulogalamu kakang'ono kamene kamadzutsa tchipi, ndipo makampani ena, makamaka Broadcom, kwa zaka zambiri sankalola kuti kazigawidwa momasuka. Zimandiwawa kuti wovutika amakhala mwana wasukulu amene anasonkha ndalama movutikira kuti agule makinawo. Yambani ndi kulemba rfkill list mu terminal, chifukwa nthawi zina kabatani ka m'mbali mwa laputopu ndi kamene kanazimitsa zonse. Kenako lembani lspci -nn kuti muone dzina la tchipiyo. Ikakhala ya Intel, driver yake, iwlwifi, ili kale mu kernel. Ikakhala Broadcom yakale, mwina mufunika firmware-b43-installer, koma nayo imafuna intaneti imene mulibeyo! Apa lumikizani foni ndi chingwe cha USB, yatsani tethering, bando yochepa chabe ikwanira. Ndimawayamikira anthu opanga Debian, mtundu wina wa Linux, amene mu 2022 anavota kuti firmware yotereyi izikhala m'kati mwa pulogalamu yoikira, ngakhale kuti ena mwa iwo ankaona ngati akuphwanya mfundo zawo za ufulu. Kuyambira pa Debian 12, imene inatuluka mu 2023, makadi ambiri amagwira mukangomaliza kuika.

— Mlembi wa Za Makompyuta